Maminibasi a Bangwe, Limbe ndi Blantyre: ndemanga ya munthu amene wawakwera zaka 12

Ndakhala ndikukwera maminibasi a njira yochokera ku Bangwe kudzera ku Limbe mpaka m'tauni ya Blantyre kwa zaka 12 tsopano, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe mmene ndikuionera ntchito imeneyi monga mmene munthu amalembera za sitolo imene amagulamo kapena malo amene amadyerapo nsima ya masana. Kusiyana kwake n'kwakuti sitolo ikakukhumudwitsa umapita ina, pamene minibasi ikakukhumudwitsa madzulo, m'mawa mwake umapezeka waima pa siteji yomweyo ukuidikirira. Sinditchula mwini galimoto aliyense, chifukwa maminibasi a njira imeneyi ndi a anthu ambirimbiri, wina ali ndi imodzi, wina ziwiri kapena zitatu, ndipo wokwera sasankha kuti akwere ya yani. Amakwera imene ili kutsogolo kwa mzere, kapena imene oitanira amukokeramo atamulanda kale chikwama m'manja.

Ndiyambe ndi zimene ntchitoyi imachita bwino, popeza zilipo, ndipo anthu amene amayenda pa galimoto zawozawo sazidziwa. Minibasi imadzuka kusanache. Pofika 5 koloko m'mawa munthu amene nyumba yake ili kufupi ndi tala amakhala atamva kale hutala ndi mawu a kondakitala akuti "wa Limbe, wa Limbe, mmodzi wachangu." Palibe pepala lililonse losonyeza nthawi yonyamukira, komabe pa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, umene tonsefe timangoutchula kuti Highway, munthu saima nthawi yaitali masana asanaone minibasi yolowera kumene akupita. Imaima pamene mwanena, ngakhale pasakhale chikwangwani, mukangoti "siteji" kapena mukagogoda denga. Imanyamula zimene basi ya ulemu wake singalole: thumba la makala, dengu la tomato, belo la kaunjika, nkhuku zomangidwa miyendo, ngakhale malata awiri opindidwa. Mayi amene amakapikula masamba mu msika wa Limbe kuti akagulitse pakhomo pake ku Ntopwa alibe njira ina yofikitsira katundu wake, ndipo bizinesi yake yonse yagona pa galimoto imeneyi. Makondakitala ena amawadziwa nkhope anthu amene amawanyamula tsiku ndi tsiku. Sindidzaiwala mnyamata wina amene, ataona ndikupapasa m'matumba pa siteji tsiku lina kumapeto kwa mwezi, anangondiuza kuti, "Kwerani madala, mudzandipatsa mawa," ndipo m'mawa mwake nditamufunafuna kuti ndimubwezere anali ataiwala kale. Pa zimenezi ndimayamikira ndi mtima wonse.

Vuto limayambira pa mmene mzinda wathu unakhalira. Blantyre ndi Limbe adali matauni awiri osiyana amene adaphatikizidwa mu 1956, ndipo mpaka lero maminibasi amayenda ngati kuti matauniwa akadali awiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa pang'ono 800,000 mu mzindawu, ndipo ambiri mwa iwo sakhala kumene kuli ntchito. Mafakitale, masitolo akuluakulu, maofesi ndi chipatala chachikulu zili pakati, ku Ginnery Corner, ku Makata, ku Maselema, ku Chichiri ndi m'tauni, pamene nyumba za lendi yotsika zili m'mphepete, m'zitunda ndi m'munsi mwa mapiri: ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilobwe, ku Mbayani, ku Kachere, ku Machinjiri. Lendi imatsika munthu akamatalikirana ndi tala, ndipo wopeza zochepa amapita kumene lendi yatsika, koma zimene wapulumutsa kwa mwini nyumba amakazisiya m'manja mwa kondakitala. Chinanso n'chakuti minibasi yochokera ku Bangwe kawirikawiri imathera mu Limbe. Amene akupitirira ku Ginnery Corner kapena m'tauni amatsika, amadutsa m'chipwirikiti cha ogulitsa malonda, n'kukakwera ina, n'kulipiranso kachiwiri. Munthu wa ku Kanjedza kapena ku Chitawira, amene mwina amapeza bwinoko, amafika m'tauni ndi minibasi imodzi, koma wa kumapeto kwa Bangwe amafunika ziwiri, ndipo ngati nyumba yake ili kutali ndi siteji, nthawi ya mvula amayamba walipira kabaza kuti amufikitse pa tala. Wosaukitsitsa ndi amene amalipira kawiri kapena katatu pa ulendo umodzi womwewo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani ya mtengo ndi imene ili pamtima pa ndemanga ino. Mitengo imasinthasintha, choncho titenge K1,000 ngati mtengo wa minibasi imodzi kuti masamu akhale osavuta, ndipo aliyense wokwera njira imeneyi avomereza kuti sindinakokomeze. Wochokera ku Bangwe kupita m'tauni amakwera ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, imene ndi K4,000 pa tsiku. Akagwira ntchito masiku 26 pa mwezi, ndalama ya thiransipoti yokha ikukwana K104,000. Malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa mu 2024 adali K90,000 pa mwezi, ndipo mu 2025 adakwezedwa kufika pa K126,000. Apa n'zoonekeratu kuti mlonda, wosesa m'sitolo kapena wonyamula katundu m'fakitale amene amalandira malipiro amenewa sangakwere minibasi ulendo wonse tsiku lililonse n'kutsala ndi ndalama ya lendi, ufa, makala ndi sopo. Antchito a m'nyumba, amene malipiro awo otsikitsitsa ndi ochepera pamenepa, nkhani yawo sitingaiyambe n'komwe. Ntchito imene imatchedwa ya anthu wamba yafika poti munthu wamba weniweniyo amangoiona ikumudutsa.

N'chifukwa chake ndimanena kuti amene ndemanga ino ikuwakhudza kwambiri ndi amene sakwera. Mukadzuka m'mamawa n'kuima m'mbali mwa msewu wa Midima mudzaona mzere wa anthu oyenda wapansi kulowera ku Limbe, abambo atapachika tizikwama kumsana, amayi atamanga zitenje pamwamba pa zovala za kuntchito kuopa fumbi, ena atanyamula nsapato zabwino mu jumbo kuti akavale akafika. Maminibasi amawaimbira hutala, kondakitala atatulutsa mutu pawindo, koma iwo sacheuka. Anthu ambiri a kwathu adagawa ulendo pawiri: amayenda wapansi kufika ku Limbe n'kukwera imodzi yokha ya Highway, kapena amayenda m'mawa pamene thupi lili ndi mphamvu n'kukwera madzulo pamene kwada. Pafupi ndi nyumba yanga pali bambo wina wachikulire amene amalondera nyumba ya anthu kumbali ya Namiwawa. Ntchito yake imayamba 6 koloko madzulo, koma amanyamuka pakhomo dzuwa likadali pamutu, atanyamula jekete lake lolemera ndi kabotolo ka tiyi, ndipo m'mawa amafika ana atapita kale kusukulu. Akawerengera maola a pamsewu pamodzi ndi a pa geti, amatsala ndi nthawi yongogona basi. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake sakwerako ngakhale imodzi, ndipo anandiyankha mofatsa kuti, "Achimwene, ndikakwera ndiye kuti ndikugwirira ntchito kondakitala." Nsapato zake amasokesa kwa wosoka wa pa msika pafupifupi mwezi uliwonse.

Ngakhale kwa ife amene timakwanitsa kukwera, mtengo suli chinthu chimene munthu angachidalire polinganiza ndalama za mwezi. Palibe tikiti, palibe pepala lomatidwa pawindo, ndipo mtengo umatuluka m'kamwa mwa kondakitala malinga ndi mmene waonera kumwamba ndi kuchuluka kwa anthu pa siteji. Masana, pamene maminibasi ali mbwee ndipo okwera ndi ochepa, munthu akhoza kunenerera n'kukwera ndi ndalama yoperewera. Koma antchito sayenda masana. Amayenda m'mawa ndi madzulo, nthawi imene mtengo umakhala pamwamba, ndipo mitambo ikangoda cha m'ma 5 koloko, mtengo umakwera mvula isanayambe n'kugwa komwe. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, choncho amene akufuna kukafika kwawo kusanade amapereka. Chimene chimandinyansa kwambiri ndi khalidwe loti woitanira akuuzeni mtengo wina pakhomo, inu n'kukhala pansi, galimoto n'kunyamuka, kenako kondakitala n'kutchula wina wokwererapo, mukadandaula n'kukuyankhani kuti, "Amene anakuuzani zimenezo si ine." Nkhani ya chenje nayo ndi yotopetsa. Mukapereka ndalama yaikulu mumakumbutsa kangapo, ndipo nthawi zina kondakitala amatenga pepala limodzi la ndalama n'kulipereka kwa anthu awiri osadziwana amene akutsikira pamodzi kuti akagawane okha, galimoto n'kuthawa, awiriwo n'kutsala akuyang'anizana m'mbali mwa msewu.

Mtengo wa minibasi umatsatira mtengo wa mafuta, ndipo pa chimenechi eni galimoto sanama. Mu November 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA, limene limakhazikitsa mitengo ya mafuta, lidakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo adachoka pa K1,920 kufika pa K2,734. M'mawa mwake mitengo ya pa siteji inali itasintha kale, pamene malipiro a anthu ambiri anadikira miyezi, ena mpaka lero. Nthawi zimene mafuta amasowa, monga zidachitikira mu 2022, mu 2023 ndi kumapeto kwa 2024, maminibasi ambiri amagona pa mizere ya kumalo omwetsera mafuta, ochepa amene ali pamsewu amagula mafuta a m'zigubu pa mtengo wokwera, ndipo zonsezo zimathera m'thumba la wokwera. Masiku amenewo pa siteji ya ku Limbe pamakhala nkhondo yeniyeni: minibasi isanaime anyamata amphamvu amakhala atagwira kale chitseko, ena akulowera pawindo, ndipo amayi obereka ana ndi agogo amatsala mpaka usiku. Chimene ndaona m'zaka zonsezi n'chakuti mtengo ukakwera chifukwa cha vuto linalake subwereranso pamene unali vutolo likatha. Mu 2020, pa nthawi ya Covid-19, boma lidalamula kuti maminibasi achepetse anthu, ndipo mitengo idakwera pa chifukwa chomveka chakuti anthu ochepa ayenera kulipira ulendo wonse. Matenda atachepa mipando idadzazanso, koma mitengo sinatsike kufika pakale.

Nthawi ndi mtengo wina umene sulembedwa paliponse. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo kuti ikuoneka yodzaza sizitanthauza kuti yadzaza, chifukwa pali anyamata amene amakhala m'mipando ngati okwera pofuna kukopa anthu, kenako amatsika mmodzimmodzi okwera enieni akamalowa. Dalaivala amaliza injini, amasuntha pang'ono ngati akunyamuka, n'kubwereranso m'mbuyo. Ikanyamuka imakhoza kukhotera kokamwetsa mafuta a ulendo umodzi wokha, pogwiritsa ntchito ndalama zimene kondakitala wangotolera kumene, kapena kuthera mafuta pa chitunda, kondakitala n'kuthamanga ndi chigubu inu mutakhala phee. Choipitsitsa ndi chimene okwera timachitcha kugulitsidwa. Mwakwera minibasi imene ikuti ikupita m'tauni, koma pofika pa Chichiri kapena pa Ginnery Corner dalaivala waona kuti mwatsalamo ochepa ndipo mbali inayo kuli anthu ambiri obwerera ku Limbe. Amakutsitsani n'kukulowetsani mu ina imene ili ndi anthu awiri okha, imenenso iyenera kudikira kuti idzaze. Kwa munthu wa mu ofesi kuchedwa kotere kumathera pa kupepesa kwa abwana. Kwa munthu amene amakaima pa geti la fakitale kudikira ganyu ya tsikulo, kufika mochedwa ndi mphindi khumi ndiye kuti ena atengedwa kale, ndipo ndalama imene anabwereka kuti akwere yapita pachabe, kubwerera kwake n'kwa wapansi.

Pamene ntchitoyi imandigwetsa ulesi kwambiri ndi pa nkhani ya matenda, ndipo pano ndikamba zimene zandionekera. Mayi anga amadwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pali nthawi zimene amafunika kukaonana ndi madokotala ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene akuluakulu amachitchula kuti ku Gulupu. Chithandizo cha ku chipatala cha boma ndi chaulere, koma njira yopita ku chithandizocho si yaulere. Munthu wokalamba sapita yekha, choncho pamafunika womuperekeza, ndipo anthu awiri okwera maminibasi awiri popita ndi awiri pobwera alipira kasanu ndi katatu tsiku limodzi. Wodwala akagonekedwa, gadiyani amakhala komweko, koma wina amayenera kupititsa chakudya ndi zovala, ndipo sabata imodzi ya maulendo otere imadya ndalama ya ufa wa mwezi wonse. Ndikudziwa mabanja a kwathu amene amadumphitsa tsiku limene anauzidwa kuti abwerenso, osati chifukwa chonyozera mankhwala, koma chifukwa tsikulo linagwera pakati pa mwezi. Amadikira mpaka wodwalayo atafooka, ndipo pamenepo minibasi siithandizanso, pamafunika galimoto ya hayala.

Tsiku lina m'mawa ndinawatenga mayiwo atatupa miyendo. Minibasi yoyamba itaima, kondakitala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku ndodo yawo, anaona kuti atenga nthawi kukwera, n'kumenya chitseko kuti dalaivala apitirire. Yachiwiri inatitenga, koma malo amene analipo anali kumbuyo kwenikweni, kumene munthu amafika atawerama n'kudumpha kampando kopinda ndi matumba a anthu. Palibe amene anawauza a kutsogolo kuti asunthe, mpaka mtsikana wina wovala yunifolomu ya sukulu anadzuka yekha n'kunena kuti, "Agogo, khalani pano," iye n'kupita kumbuyo. Mu Limbe tinayenera kuyenda kuchoka pamene tinatsikira kukafika pokwerera za Highway, mtunda umene ine ndimauyenda mphindi zochepa koma iwo anapumira katatu. Munthu woyenda pa njinga ya olumala sindinamuonepo akukwera minibasi popanda kunyamulidwa ngati katundu, ndipo nthawi zambiri amauzidwa kuti alipirirenso njingayo. Usiku ndiye nkhani ina. Ikangodutsa 8 kapena 9 koloko maminibasi olowa m'makomboni amasowa, ndipo mayi amene matenda a uchembere amuyamba pakati pa usiku amadalira mnansi amene ali ndi galimoto, ngati alipo, pa mtengo umene mwini galimotoyo watchula.

Za maonekedwe a galimotozi sindichulutsa mawu, popeza aliyense amazidziwa: chitseko chomangidwa ndi chingwe, mpando umene chitsulo chake chimang'amba thalauza, windo lomatidwa pulasitiki, ndi fungo la petulo lochokera pa chigubu chimene chili pansi pa mpando. Zilipo zina zosamalidwa bwino, makamaka za pa Highway, koma zotheratu zimatumizidwa ku njira za m'makomboni kumene misewu ndi yoipa ndipo okwera sangakane. Lamulo loti pa mpando pazikhala anthu atatu lidabwera m'nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo m'nthawi yomweyo, mu 2006, boma lidaletsa kuitanira. Masana lamulo la atatuatatu limatsatidwa ndithu, koma madzulo kukada mumamva kondakitala akuti "tiyeni tisunthe pang'ono, anayianayi," ndipo wina amakhazikidwa pa injini moyang'anizana ndi anzake, mawondo atalowana. Oitanira nawo sanachoke. Ena ndi aulemu ndipo amathandiza kukweza katundu, koma ena amalankhula mawu otukwana kwa atsikana ndi amayi moti munthu wamkulu umachita manyazi kuti unabadwa mwamuna. Ana asukulu, amene amapempha kulipira yochepa, amasiyidwa pa siteji m'mawa mpaka akuluakulu atatha, ndipo mwana wa kukomboni amene wasankhidwa ku sekondale ya kutali ndi kwawo amayamba tsiku lake atatopa kale.

Komabe sindingakhale wachilungamo nditaloza chala madalaivala ndi makondakitala okha, chifukwa nditacheza nawo kwa zaka zambiri ndinamvetsa chimene chimawathamangitsa. Ambiri amagwira ntchito ya tageti. Mwini galimoto amafuna ndalama yakutiyakuti madzulo aliwonse, kaya kunagwa mvula, kaya kunali anthu ochepa, ndipo mafuta, ya oitanira pa siteji iliyonse ndi zina zimene zimatuluka pamsewu zimachokera pa zimene atolera tsikulo. Chotsala ndiye chawo, ndipo masiku ena sichitsala. Munthu amene ali pa mpanipani wotere sangadikire agogo kuti akwere mwapang'onopang'ono, sangapite kumapeto kwa njira kukatula anthu awiri, ndipo sangasiye mpando wopanda munthu. Mwini galimoto naye ali ndi zake: galimotozi, kaya ndi Toyota HiAce, Nissan Caravan, Vanette kapena Mazda Bongo, zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, masipeyala ndi matayala ake amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene zikusowa, ndipo msewu wa maenje umathyola galimoto msanga. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho mu March 2023, madera ena a m'zitunda adakhala nthawi yaitali galimoto zisakufikako bwino, ndipo dalaivala aliyense woganiza za tageti yake amathawa njira yotere. Palibe ndalama ya boma kapena ya khonsolo imene imathandizira ulendo wa munthu wosauka mu mzinda uno, monga mmene fetereza amathandizidwira kumudzi. Mtengo wonse wa mafuta, masipeyala, msewu woipa ndi phindu la anthu anayi kapena asanu umagwera pa munthu mmodzi amene wakhala pa mpando uja atakumbatira jumbo yake.

Achikulire amakonda kukumbutsa za mabasi akuluakulu a mu mzinda a masiku a United Transport Malawi, kampani imene Stagecoach idaitenga mu 1989 n'kuisiya mu 1997, kenako n'kukhala Shire Bus Lines imene idatha m'zaka za m'ma 2000. Bambo anga ankanena kuti mabasi amenewo anali ochepa, mizere inali yaitali ndipo anthu ankaimirira mothithikana, choncho sindikufuna kuwakometsera mopitirira. Koma anali ndi zinthu ziwiri zimene minibasi ilibe, tikiti yokhala ndi mtengo wodziwika, ndi njira imene basi inkayenera kuimaliza kaya muli anthu angati. Zinthu ziwiri zimenezi ndi zimene wosauka amazifuna kuposa mpando wofewa, chifukwa zimamulola kudziwa pa 1 mwezi kuti ulendo wa kuntchito umudyera zingati. Ndimadabwanso ndikamaona njanji imene imachoka ku Limbe kudutsa m'kati mwa mzinda kukafika ku Wenela n'kupitirira kumpoto, anthu oyenda wapansi akuigwiritsa ntchito ngati njira yachidule, popanda sitima yonyamula antchito m'mawa ndi madzulo.

Njira zina zilipo, ndipo ndaziyesa. Kabaza wa njinga yamoto amafika pakhomo penipeni, ngakhale kumene minibasi siinafikeko chiyambire, ndipo sadikira kudzaza. Koma pa mtunda womwewo mtengo wake ndi wokwera, wokwera sapatsidwa chipewa choteteza mutu kawirikawiri, ndipo ambiri mwa anyamatawa anaphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira masiku awiri. Aliyense wa kwathu akudziwa wina amene anathyoka mwendo pa kabaza, ndipo kwa munthu wodalira ganyu, miyezi itatu ali pa mphasa ndi chimodzimodzi kuchotsedwa ntchito. Tigalimoto ta Sienta timadzaza msanga ndipo timathamanga, koma timanyamula anthu oposa mipando yake, ena awiri kutsogolo pambali pa dalaivala, ndipo sitilandira katundu wochuluka. Zonse ziwirizi zimathandiza munthu amene ali ndi kenakake m'thumba ndipo wachedwa, koma sizinachepetse mzere wa anthu oyenda wapansi pa Midima.

Kwa munthu amene amakhala pafupi ndi Highway, amene amayenda masana ndipo alibe katundu, ntchito ya maminibasi ndi yokwanira ndithu, ndipo ndingamulimbikitse kuikwera m'malo mowononga ndalama pa takisi. Kwa munthu wa kumapeto kwa Bangwe amene amalandira malipiro otsikitsitsa, amene ali ndi wodwala m'nyumba kapena mwana wopita kusukulu yakutali, ntchitoyi ndi yodula, yosadalirika ndipo imamusiya panjira pa nthawi imene akuifuna kwambiri. Amene mukuganiza zosamukira kuno chifukwa cha lendi yotsika, yambani mwawerengera maminibasi amene muzikwera pa tsiku musanapereke ndalama kwa mwini nyumba. Mukamakwera, funsani mtengo kwa kondakitala mwiniwake osati kwa woitanira, mufunsenso ngati galimotoyo ikafikedi kumene mukupita, ndipo yendani ndi ndalama zing'onozing'ono. Ngati muli ndi wodwala, nyamukani mochedwerako pang'ono anthu a kuntchito atachepa, pokhapokha ngati akuchipatala anakuuzani kuti mulawirire. Ineyo kuyambira chaka chatha ndimayenda wapansi kuchoka kunyumba kukafika ku Limbe m'mawa uliwonse kupatula masiku a mvula, n'kukwera imodzi ya Highway, ndipo nthawi zambiri ndimakumana ndi bambo wolondera uja cha pa Namiyango akubwerera, jekete lake lili paphewa.